Nsapato Zivalidwa Ulendo Usanayambe

PAKHOMO PA MKHRISTU

Werengani: Aefeso 6:10-20 ndi 1 Petro 3:13-17

Ana athu a Sande Sukulu akafunsidwa kuti atchule zida za Mkhristu zimene mtumwi Paulo anazilemba m'kalata yake ya kwa Aefeso, msanga amakumbukira chishango, chisoti ndi lupanga, pakuti zimenezi ndizo zida zimene mwana aliyense angakonde kuzinyamula. Nsapato ndizo zimaiwalika. Ngakhale ife akulu sitizitchula kawirikawiri m'maulaliki ndi m'mapemphero athu. Komatu msilikali amene ali nazo zida zonse, koma kumapazi alibe kanthu, munga umodzi wokha ungathe kumkhazika pansi adani asanaoneke n'komwe. Chifukwa chake mwezi uno tifuna kukambirana nanu, makolo ndi achinyamata, za nsapato zimenezi, zimene Paulo aziyerekeza ndi kukonzeka kumene Uthenga Wabwino umapatsa munthu.

Nsapato imodzi, ntchito ziwiri

Paulo anawadziwa bwino asilikali a Chiroma. Polemba kalatayi anali wandende, ndipo Machitidwe 28 atiuza kuti ku Roma anakhala zaka 2 m'nyumba yolipira, msilikali akumlonda. Tsiku ndi tsiku anali kuziona nsapato zao: zachikopa cholimba, zomangidwa ndi zingwe kufikira m'akakolo, ndipo kunsi kwake zokhomedwa timisomali tachitsulo tambirimbiri. Ndi nsapato zotere asilikaliwo anaphunzitsidwa kuyenda mtunda wa makilomita pafupifupi 30 pa maola 5 okha, katundu ali kumsana. Nkhondo ikafika, timisomali tomwe tija tinali kugwira nthaka, kotero kuti mdani pokankha sanathe kumsuntha msilikaliyo pamalo pake.

Taonani tsono, nsapato imodzi yomweyo inali ya ntchito ziwiri, kuyenda ndi kuima. Ife timakonda kuzilekanitsa ziwirizi. Timati kufalitsa Uthenga ndi ntchito ya abusa, alaliki ndi ena amene ali nayo mphatso ya kulankhula, ndipo ife otsalafe chathu ndi kusunga chikhulupiriro mumtima mwakachetechete. Mau a Mulungu satero ai. Mkhristu amene sangathe kufotokozera mnzake chimene akhulupirira, kawirikawiri ndi yemweyo amene amagwedezeka mnzakeyo akayamba kumtsutsa. Ndipo amene waima nji pa tsiku la mayesero walalikira kale ngakhale asanatsegule pakamwa, pakuti anzake adzabwera okha kudzamfunsa chimene chamlimbitsa.

Muzu wa mphamvu ziwirizi ndi umodzi. Pakati pa nkhani ya nkhondo, Paulo autchula Uthengawo kuti ndi wa mtendere. Munthu amene adziwa kuti mlandu wake ndi Mulungu unathera pa mtanda wa Khristu safunanso kugula mtendere kwa anthu. Akamseka, sataya kanthu. Akamuopseza, adziwa mwini wake wa moyo wake. Mapazi ake aponda pouma.

Komanso nsapato zivalidwa ulendo usanayambe. Usiku wa Paskha ku Aigupto, Aisraele analamulidwa kudya chakudya chao nsapato zili kumapazi, ndodo ili m'manja, chikhalirecho Farao anali asanawalole kutuluka (Eksodo 12). Mlimi aliyense adziwa nzeru imeneyi. Amasosa ndi kuunga mizere mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Iye amene ayamba kufunafuna khasu mvula yoyamba itagwa kale, mu Febuluwale tidzampeza ndi kadengu pakhomo pa anansi.

Sanasankhe tsiku lao

Tikawerenga Buku Lopatulika mosamala tipeza kuti ambiri amene Mulungu anawagwiritsa ntchito sanasankhe okha tsiku la kuchitira umboni. Stefano ataponyedwa miyala, chizunzo chinabalalitsa mpingo wa ku Yerusalemu, ndipo atumwi ndiwo anatsala mumzindamo (Machitidwe 8). Othawawo anali anthu wamba, osiya nyumba ndi ntchito zao mwadzidzidzi, koma kulikonse anafikako anasimba za Yesu. Ena mwa iwo, ochokera ku Kupro ndi ku Kurene, anafika ku Antiokeya nalankhula ndi anthu a mitundu ina, ndipo mumzinda umenewo ndimo ophunzira anayamba kutchedwa Akhristu (Machitidwe 11). Dzina limene tilinyadira leroli linabadwira mu mpingo woyambidwa ndi anthu othawa nkhanza, amene Luka sanawalembe ndi maina omwe.

Kumbukiraninso kamtsikana kaja ka m'nyumba ya Namani (2 Mafumu 5). Anakagwira pa nkhondo, napita nako ku dziko la Aramu kukakhala kapolo. Kumeneko kunalibe mai wake, kunalibe wansembe, kunalibe mnzake wopemphera naye. Koma pamene anaona nthenda ya mbuye wake, anadziwa chonena: ku Samariya kuli mneneri wa Mulungu wamoyo. Chidziwitso chimenechi anachoka nacho kwao. Ankhondo anamlanda zonse, koma nsapato zimene anamveka pakhomo pa makolo ake sanathe kumvula.

Theka la talente

M'mbiri ya mpingo wathu wa CCAP muli chitsanzo chimene mwana aliyense wa mpingo ayenera kuchidziwa. Mu 1875 amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear, ndipo chaka chotsatira, 1876, Dr James Stewart anaima pamaso pa ophunzira a sukulu ya Lovedale ku South Africa, nafunsa ngati alipo ofuna kupita kukathandiza ntchito ku nyanja yathu ino. Anadzipereka angapo, ndipo anasankhidwa anai: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Onsewa anali Axhosa, anthu akuda anzathu.

Mwa anaiwo Koyi ndiye anali wochepa maphunziro. Pa unyamata wake anali woyendetsa ngolo, kenaka anagwira ntchito ku Port Elizabeth, ndipo anafika ku Lovedale mu 1871 ali kale munthu wamkulu. Podzipereka, iye anavomera poyera kuti anzake anampambana pa maphunziro, nadziyerekeza ndi munthu wa theka la talente. Komabe anati ali wokonzeka kupita, ngakhale ntchito yake ikakhale yotema nkhuni ndi kutunga madzi.

Ulendowo sunali wamasewera. Mngunana, amene anali mphunzitsi waluso, anamwalira ku Cape Maclear mu 1877. Wauchope anabwezedwa kwao chifukwa cha kudwala. Ntintili anagwira ntchito zaka zingapo nabwerera. Koyi ndiye anakhalitsa, ndipo theka la talente lija linapeza ntchito yake. Masiku amenewo Angoni, amene anaoloka Zambezi mu 1835, anali oopedwa m'dziko lonse lino, ndipo chinenero chao chinali chofanana ndi cha kwao kwa Koyi. Pamene Dr Robert Laws anapita kukaonana ndi mafumu a Angoni mu 1878 ndi 1879, Koyi ndiye anali pakamwa pake ndi khutu lake. Iye anadziwa malonje ao, anadziwa poyenera kukhala chete ndi poyenera kuyankha, ndipo Angoni anamkhulupirira, namutcha dzina lakuti Mtusane.

Mu 1882 Koyi anakakhala ku Njuyu, m'dziko la Inkosi M'mbelwa. Apa ndipo tiona kuima kwake. Mafumu analola kuti amishoni akhale, koma anakaniza kutsegula sukulu, poopa kuti anyamata ophunzira adzaleka nkhondo. Chaka chinapita, china chinabwera, wobatizidwa panalibe, sukulu panalibe, ndipo magulu a nkhondo anali kupitabe kukafunkha ku midzi ya kunyanja. Munthu wofuna kuona zipatso msanga akanalongedza katundu. Koyi anakhala, nalalikira pa Sabata kwa iwo ofuna kumva, nacheza ndi akuluakulu m'mabwalo mwao. Anyamata owerengeka, ana a Tembo, anayamba kubwera usiku mobisa kudzaphunzira kuwerenga.

Mu 1886 mafumu anavomera kuti sukulu zitsegulidwe. Uthengawo unampeza Koyi ali gone pa mphasa, wodwala kwambiri, ndipo mu Juni chaka chomwecho anamwalira ku Njuyu komweko. Sanaone Mngoni ndi mmodzi yemwe akubatizidwa. Oyamba kubatizidwa, Mawelera ndi Makara Tembo, a mwa anyamata ausiku aja, analandira ubatizo mu 1890, ndipo mu 1898 anthu zikwi zingapo anasonkhana ku Ekwendeni pa msonkhano wa Mgonero wa Ambuye. Mawelera Tembo anakhala mlaliki ndi wopeka nyimbo za mpingo.

Chimene tifuna muchione ndi ichi: tsiku lija Dr Stewart anafunsa funso lake, Koyi sanayambe pamenepo kukonzeka. Zaka zake za ku Lovedale, kudzichepetsa kwake kokhala pa benchi la sukulu ali wamkulu, ngakhale chinenero chimene anayamwa kwa mai wake, zonsezi zinali nsapato zovalidwa kale. Funso linangopeza munthu wovala.

Ana athu ali paulendo

Kuyenda si kwachilendo kwa ife. Makolo athu ambiri anapita ku migodi ndi ku mafamu a kumwera, ndipo ena a iwo ananyamula chikhulupiriro chao, nayamba kusonkhana okha kuchilendoko. Anthu otere ndiwo anachititsa kuti mu 1912 Mbusa T.C.B. Vlok, yemwe uja anayamba ntchito ku Mvera pamodzi ndi Mbusa A.C. Murray mu 1889, asamukire ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, kukawatumikira. Ndipo ntchito imeneyo inabala Sinodi ya Harare. Koma si onse anatero. Ena anapita ndi dzina la Chikhristu lokha, nalitaya panjira, ndipo maina ao anangotsala m'mabuku a mpingo.

Lero ana athu achoka pakhomo ali aang'ono kuposa kale. Wa zaka 13 kapena 14 apita ku sekondale yogonera komweko. Wina apita ku koleji ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Blantyre. Wina akwera basi ya ku Johannesburg kukafuna ntchito. Ngakhale wotsala pakhomo ali paulendo, pakuti foni imene ili m'manja mwake imfikitsa tsiku ndi tsiku kwa aphunzitsi amene inu simunawaonepo. Kumeneko adzakumana ndi mafunso. Mnzake wophunzira sayansi adzamuuza kuti za Mulungu ndi nthano za okalamba. Mnzake wa chipembedzo china adzamfunsa kuti Mulungu angakhale bwanji ndi Mwana. Wina adzamuuza kuti ubatizo wake wa ukhanda ulibe ntchito, kapena kuti mpingo wake ndi wozizira, ndipo afunika kugula madzi kapena mafuta kwa mneneri kuti zinthu zimuyendere. Wina sadzafunsa kanthu, adzangomuika botolo m'manja, kapena kumuonetsa njira ya kubera mayeso, kapena kumlonjeza ntchito pa mtengo wa thupi lake.

Pa nthawi imeneyo abusa sadzakhalapo, ngakhale inu bambo ndi mai simudzakhalapo. Mwana adzayankha ndi chimene anachoka nacho pakhomo. Akapanda kanthu, tingathe kumtaya, ndipo mnzake uja amene mwina anafunsa ndi mtima wofunadi kudziwa adzabwerera wopanda thandizo. Otayika akhala awiri.

Kwa inu makolo

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Timoteo anadziwa Malembo kuyambira ubwana wake chifukwa cha agogo ake a Loisi ndi mai wake Yunike (2 Timoteo 1 ndi 3). Ntchito imeneyi sitingaisiyire mphunzitsi wa Sande Sukulu, amene aonana ndi mwana ola limodzi pa sabata. Buku Lopatulika lathunthu lakhala m'chinenero chathu kuyambira 1922, chifukwa cha ntchito yomasulira imene Mbusa W.H. Murray anaitsogolera, zaka zoposa 100 zapita, ndipo palibe banja limene linganene kuti Mau ali kutali.

Choyamba, bwezerani mapemphero a madzulo pamalo pake. Nsima ikatha, mafoni aikidwe padera, mwana mmodzi awerenge ndime, ndipo wina afotokoze m'mau akeake chimene wamva. Kufotokoza kumeneku ndiko sukulu ya umboni. Mwana amene wazolowera kunena za Mulungu pamaso pa atate wake sadzachita chibwibwi pamaso pa anzake.

Chachiwiri, musanyoze Katekisma. Ena amayesa kuti ndi buku lolowezera kalasi basi, kuti mwana alandiridwe ku Mgonero. Koma pamene Akhristu a ku Heidelberg, m'dziko la Germany, anakonza katekisma wao mu 1563, anamlemba mwa mafunso ndi mayankho 129, nawagawa pa masabata 52, kuti mpingo wonse, akulu ndi ana, uzidutsamo chaka ndi chaka. Anadziwa kuti Mkhristu ndi munthu wofunsidwa, ndipo nkwabwino kuti afunsidwe poyamba ndi omkonda asanafunsidwe ndi omtsutsa. Mwana akaloweza yankho, mfunseninso kuti litanthauzanji, ndipo likhudza chiyani pa moyo wake.

Chachitatu, lolani ana afunse. Mwana akabwera ndi funso lovuta, kapena akanena kuti akukayika, musamkalipire ngati wachita mwano. Funso limene mwalitsekereza pakhomo lidzayankhidwa ndi anthu ena kunja. Likakukanikani, pitani naye pamodzi kwa mkulu wa mpingo kapena kwa abusa.

Chachinai, kumbukirani kuti ana aona mapazi athu kuposa m'mene amvera mau athu. Khanda likadwala usiku, timathamangira kuti? Pa maliro a mbale wathu, kodi timayimba za kuuka kwa akufa masana, ndipo usiku tikufunafuna wolodza? Ku ntchito akatipatsa kenakake kuti titseke maso, timatani? Mwana amene waona chithumwa pansi pa pilo wa amake sadzakhulupirira kuti Yesu akwanira, tingamuphunzitse bwanji.

Potsiriza, mwana akamachoka musamlongedzere zovala, sopo ndi ndalama zokha. Muikireni Buku Lopatulika lakelake, mumtengere kalata kwa abusa yomdziwitsa ku mpingo wa kumene akupita, ndipo mugwade naye pansi asanatuluke pakhomo.

Kwa inu anyamata ndi asungwana

Makolo angathe kugula nsapato, koma kuvala muvala nokha. Chikhulupiriro cha amai anu sichidzakuimiritsani tsiku la mayesero ngati inu eni simunamlandire Khristu. Dzifunseni lero ngati mtendere uja tinaunena pamwambapa uli mwa inu.

Yesani kufotokoza Uthenga Wabwino mwachidule, monga mungauzire mnzanu paulendo wochoka ku sukulu. Zinthu zitatu zikwanira, ndipo ndizo zigawo zitatu za katekisma uja wa ku Heidelberg: kukula kwa tchimo lathu, m'mene Khristu anatiombolera, ndi m'mene tiyenera kumthokozera ndi moyo wathu wonse. Mukalephera kuzinena kwa mng'ono wanu, musadabwe mukalephera kwa munthu wachilendo.

Tsimikizani mtima nthawi isanafike. Danieli ku Babulo anali atatsimikiza kale kuti sadzadzidetsa, ndipo anapempha mwaulemu kwa womuyang'anira kuti amlole kudya zina (Danieli 1). Mnyamata amene ayamba kuganizira ngati adzamwa kapena ai botolo lili kale m'manja, wachedwa. Ndipo mukafika malo atsopano, dziwikani tsiku loyamba. Tulutsani Buku lanu usiku woyamba m'chipinda chogona, funsani kumene kuli tchalitchi Sabata loyamba. Adzakusekani masiku awiri kapena atatu, kenaka adzazolowera, ndipo wina wa iwo akadzapeza vuto adzadziwa khomo logogoda. Mukabisa mwezi woyamba, mwezi wachiwiri kudzavuta koposa. Mbewa ya manyazi inafera ku una.

Koma samalani mayankhidwe anu. Petro, amene anatilangiza kukhala okonzeka kuyankha aliyense wofunsa za chiyembekezo chathu, ndi yemweyo anakana Ambuye katatu pamene mdzakazi ndi anthu ena anamfunsa pa moto uja. Anadziwa kuwawa kwa kupezedwa wosakonzeka. Ndi yemweyonso anasolola lupanga m'munda muja, Ambuye namdzudzula. Chifukwa chake atichenjeza kuti kuyankha kwathu kukhale kofatsa ndi kwaulemu. Mnzanu wa Chisilamu kapena wa mpingo wina si mdani woti mumgonjetse pa mkangano. Ndi mnansi amene Khristu atilamula kumkonda. Mumvereni mpaka amalize, ndipo akakufunsani chimene simuchidziwa, nenani poyera kuti mukafunsa, nimubwere nalo yankho. Koyi sanawakope Angoni ndi makani. Ndipo khalidwe lanu lisagwetse chimene pakamwa panu pamanga, pakuti wobera mayeso Lachisanu sangauze anzake za Yesu pa Sabata.

Ntchito ya mwezi uno

Tisaganize kuti kulimba mtima ndi chibadwa cha anthu ena. Paulo yemwe, atatha kutchula zida zonse, anapempha Aefeso kuti ampempherere, kuti apatsidwe mau ndi kulankhula mosaopa. Ngati mtumwi wamkulu chotere anafuna mapemphero a abale, koposa kotani ife ndi ana athu?

Tsono tikupemphani kuti mwezi uno banja lililonse lichite zinthu ziwiri. Madzulo amodzi muwerenge pamodzi ndime ziwiri zili pamwambazi, ndipo aliyense, kuyambira bambo kufikira mwana wamng'ono wodziwa kulankhula, anene chifukwa chake akhulupirira Yesu. Ndipo mutchule dzina la munthu mmodzi, wa pamudzi, wa ku ntchito kapena wa ku sukulu, amene sadziwa Ambuye kapena anabwerera m'mbuyo, ndi kumpempherera masiku onse a mwezi uno, kupempha kuti Mulungu atsegule khomo, ndi kuti likatseguka atipeze tili ovala.

Ambuye wa mtendere akhale ndi mabanja anu onse.